Kodi luso limathera pati, matama nkuyambira pati?

Wa_Penti_Mchesi:

Akuluakulu ndithandizeni maganizo, nkhani iyi yandikhala pamtima sabata yonse.

Ine ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani. Magolosale, zigayo, masaluni, malo ometera aja mumaona pakhoma pali mitu ya anthu ndi masitayilo a tsitsi, zambiri za kuno ku Mchesi mpaka ku Biwi ndi Kawale ndadutsamo ndi burashi yanga. Chaka chino ndi cha 9. Sukulu ya zojambula sindinapiteko, ndinaphunzira kwa mdala wina amene ndinkamugwirira makwerero ndikumamutsukira maburashi ndi parafini, mpaka tsiku lina anadwala nkundiuza kuti kamalize wekha khoma lija.

Nde kuyambira chaka chatha ndinayamba kujambula zanga zapadera madzulo ndikaweruka, osati za oda, zongobwera m'mutu, pa nsalu imene ndimakoka ndikukhomera pa felemu ya matabwa. Chimene ndamaliza posachedwapa ndi cha azimayi ali pamzere pa kiyosiki ya madzi m'bandakucha, ndowa ndi zigubu zili ndandanda. Anthu onsewo ndawapaka buluu, khungu, zitenje, ndowa zomwe, ndipo pankhope sindinaikepo maso kapena pakamwa. Chifukwa chake nchakuti ine ndikakumbuka nthawi ija mayi ankatidzutsa 4 koloko mu Juni kuti tikagwire mzere, sindikumbuka nkhope ya munthu olo mmodzi, ndimangokumbuka kuzizira ndi kamdima kaja ka kunja kusanache bwinobwino, aliyense atadzikulunga chitenje mpaka m'mutu.

Ndinalakwitsa nkukachionetsa pafoni kwa anzanga amene timasewera nawo bawo. Mnzanga wina wapamtima ndithu anangoti "aise, anthu a buluu unawaona kuti iwe? Wayamba matama eti, ukufuna azungu akuone." Wina nkuti kapena penti wa bulawuni anakuthera tikusonkhere. Onse kuseka, inenso ndinaseka nawo koma mkatimu zinandiwawa.

Tsono Loweruka lapitali ndinapita ku chionetsero cha zojambula kumalo ena ake ku ma Area a mabwana uko, dzina sinditchula. Kunali mnyamata wina msinkhu wangawu, chipewa chopendekera, sikafu m'khosi dzuwa lonse lija. Chithunzi chake chinali nsalu yoyera, mizere itatu yakuda ndi kadontho kofiira pakona, mtengo wake wolembedwa mu madola. Anayankhula chizungu mphindi ngati 20 anthu atagwira matambula a wayini akungogwedeza mitu, ine ndinatolapo mawu mwina asanu. Atamaliza ndinamuyandikira mwaulemu nkufunsa kuti achimwene, apa mwagwiritsa penti wanji kuti mzere utuluke wonenepa chonchi osayenderera? Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato (zinali ndi madontho a penti, sindikana) nkundiyankha pachizungu kuti funso langa laphonya mfundo yonse. Mumtima ndinati awa nde matama enieni awa.

Koma ndili mu minibasi pobwerera zinandifika kuti mawu amene ndamunenera mnyamata uja ndi omwe aja anandinenera anzanga pa bawo. Anyani kusekana zikundu.

Nde funso langa ndi ili: munthu waluso amene akungoona zinthu mosiyana ndi anzake, ndi munthu amene akungodzimva kuti ndi "artist", mumawasiyanitsa bwanji? Ine ndili mbali iti? Musandinyengerere.


Kabaza_FC:

Kkkkk mani mizere itatu nde yachuluka, munthuyo anagwira ntchito. Mu 2019 mzungu wina wa ku Italy dzina lake Maurizio Cattelan anamata nthochi pakhoma ndi tepi pa chionetsero ku Miami, nthochi yeniyeni yakudya, anthu nkugula pa 120,000 dollars. Mu 2024 ku New York yagulitsidwanso pa ndalama zoposa 6 miliyoni dollars, ndipo amene anagulayo anaisenda nkuidya pamaso pa atolankhani. Chimene umagula kwenikweni ndi chikalata ndi malangizo a kamatidwe kake, nthochi ikaola umakagula ina wekha. Ine ndikanakhala wa ku Thyolo bwezi pano ndili ndi ndege. Za ma artist izi ndi geni basi, amene wadziwa kutokota ndi amene amadya.


Mwana_wa_ku_Mtakataka:

Achimwene a ku Mchesi, choyamba chotsani maganizo oti anthu a buluu ndi za azungu. Zimenezo anzanuwo anena chifukwa sanayende.

Mukadzapeza mpata mudzakwere basi mudzatsike pa Dedza, mukaone miyala ya ku Chongoni. Kuli malo 127 amene makolo anajambula m'mapanga ndi pamatanthwe, bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Pitani pa Mphunzi kapena pa Chentcherere. Zofiira zija, zimene amati anajambula Akafula kalekale, zambiri si nyama kapena anthu oti mungawazindikire ayi, ndi mizere, timadontho, tozungulira tokhala ndi timizere totuluka ngati dzuwa. Zoyera zija ndi za Achewa, zina zokhudza chinamwali, zina za gule, ndipo ngakhale izo zilombo zake zatambalala miyendo moti simunganene msanga kuti iyi ndi ng'ona kapena buluzi. Amene ankajambula zimenezo analibe mzungu woti amusangalatse. Nde mnyamata wa mizere itatu uja asamadzimve ngati wabweretsa zachilendo, agogo athu anayamba kale pamwala.

Komanso taganizani za gule. Simoni nkhope yake ndi yofiira psuu, munaonapo munthu wofiira choncho? Koma pabwalo palibe amene amafunsa kuti penti wa bulawuni anatha, aliyense mpaka mwana amadziwa amene akunenedwa, mzungu wopsa ndi dzuwa ndi mayendedwe ake odzikuza. Chadzunda akamatuluka ndi makwinya ake, Maliya akamanyada, anthu amamva uthenga popanda wina kugwira maikolofoni nkumafotokoza. Ndisapitirire apa, ena angandilipitse nkhuku.

Ine bambo anga anali osema ziboliboli. Anakulira kufupi ndi Mua, kumene kuli Kungoni, malo a zaluso amene wansembe wa ku Canada Claude Boucher, amene kwathu timawatcha a Chisale, anayambitsa mu 1976, ndipo osema ambiri a dera lathu luso lawo linakulira mozungulira pamenepo. Bambo ankasema mitundu iwiri ya zinthu. Za pamsewu: njovu, mvuu, mipando ija ya mfumu ya matabwa awiri olowetsana, bawo. Izi ankasema akucheza, wailesi ikulira, khumi zofanana ndendende, zinali za ndiwo ndi fizi. Ndiye panali zina zimene ankasema okha kuseri kwa nyumba, mwezi wathunthu chimodzi, nthawi zina amakhala masiku atatu akungoliyang'ana thabwa osalikhudza. Ndimakumbuka china cha mayi atabereka mwana, koma mwanayo ndi msana wa mayiyo zinali chinthu chimodzi, simukanaona pamene wina akuthera. Amalume anga ankati mlamu mwaiwala kumaliza. Bambo sankayankha, ankangopitiriza kupala ndi kagalasi kosweka.

Chimene ndikufuna kunena nchakuti bambo sindinawamvepo akudzitchula dzina lililonse. Munthu akawafunsa za chiboliboli ankayamba kukamba za mtengo, kuti uwu ndi mlombwa, umasemeka bwino koma uone mtima wake wofiirawu, uwu ndi phingo, umabunthitsa sompho ndipo umalemera. Ankatha ola lathunthu akukuonetsa mmene mitsempha ya thabwa yayendera. Ndipo chimene ankadana nacho kwambiri ndi anyamata amene amatenga mtengo wamba nkuupaka polishi wakuda wa nsapato kuti mlendo aziti ndi phingo. Ankati ukafuna kudziwa, kanda pansi ndi chikhadabo kapena unyamule umve kulemera.

Inu munakanda pansi ndi funso lanu la penti lija. Mwaona nokha zimene zinatuluka.


Nangozo_ku_Leeds:

Mwana wa ku Mtakataka mwakamba zomveka koma penapake ndikutsutsani, ndipo ndimuikira kumbuyo pang'ono mnyamata wa sikafu uja ngakhale sindikumudziwa.

Ife a Malawi mawu oti "matama" timawagwiritsa ntchito ngati chibonga. Mtsikana akamawerenga buku mu minibasi, matama. Munthu akakana kuimba ngati mmene aliyense akuimbira chaka chimenecho, matama. Ukangoyankhula za chinthu chimene umachikonda mopitirira mphindi ziwiri, wayamba kudzimva. Si pachabe nyimbo ya fuko lathu inaika nsanje pamodzi ndi njala ndi nthenda. Ine ndinaphunzira zaluso ku Chanco ku Zomba, ndipo ndikudziwa anzanga aluso kwambiri amene anasiya kujambula osati chifukwa cha njala yokha ayi, koma kutopa ndi kusekedwa kunyumba. Lero ali m'mabanki, akujambula timaluwa m'mphepete mwa mapepala pamitingi.

Za chizungu chija, mudziwe kuti nthawi zambiri si kufuna kwa wojambula. Ukafuna malo pa chionetsero, kapena thandizo la ndalama kumabungwe akunja, amakuuza kuti ulembe tsamba lofotokoza ntchito yako, ndipo pali kachiyankhulo kake kamene amayembekezera, mawu ataliatali aja. Ukalemba kuti "ndinajambula azimayi pa kiyosiki chifukwa kunkazizira" ena amakuona ngati sunaphunzire. Nde ana amaloweza mawu amenewo ngati mmene tinkalowezera ndakatulo ku pulayimale, kenako amazolowera mpaka kuiwala kuyankhula bwinobwino za ntchito yawo yomwe. Kunonso ku UK zilipo zambiri, ndalowapo m'zionetsero zina kumene pepala lapakhoma ndi lalitali kuposa nthawi imene munthu anathera pa chithunzicho. Ndipo ogula ambiri kwathuko ndi alendo ndi ogwira ntchito m'maofesi a akazembe, nde mwana amavala ndi kuyankhula mmene akuganizira kuti iwowo akufuna. Ndi polishi yemwe uja, koma amene akumufuna polishiyo ndi kasitomala.

Komanso chithunzi kukhala chosavuta kuchipanga sizitanthauza kuti nchopanda pake. Mizere itatu ikhoza kukhala ya munthu amene wajambula zaka 20 mpaka wadziwa zoti achotse, ikhozanso kukhala ya munthu amene sangathe kujambula dzanja la zala zisanu. Pakhoma zimaoneka zofanana, vuto lake ndi limenelo. Picasso amene aliyense amamutchula uja ankatha kujambula munthu ngati foto ali mnyamata, ndipo nkhope zopindikapindika zija anaziyamba cha mu 1907, nthawi imene anakaona zosema za ku Africa ndi zisumbu zakutali mu nyumba yosungiramo zakale ya Trocadéro ku Paris. Tangoganizani, iwo anatengera kwathu ku Africa, lero mwana wa ku Mchesi akapaka munthu buluu tikuti akutengera azungu.

Pamene mnyamata uja analakwa ine ndikuona ndi pamodzi: kukunyozani. Funso la penti ndi funso la mmisiri kwa mmisiri mnzake, ndi ulemu waukulu kuposa kugwedeza mutu kwa anthu a wayini aja. Koma mwina anachita mantha, mwina nayenso pakhomo pawo amamuseka ndipo sikafuyo ndi chishango chake. Sindikudziwa. Ndili ndi zaka 22 inenso ndinkavala zodabwitsa ndikumatchula maina a anthu a ku France amene mabuku awo sindinawamalize, nde sindingamugende kwambiri.


Telala_wa_mu_Limbe:

Achemwali a ku Leeds, mantha tonse tili nawo koma sitiyang'ana anzathu kuyambira ku nsapato.

Ine za zithunzi sindidziwa, ndimasoka. Koma matenda ake ndi amodzi. Masiku ano aliyense amene wagula mashini ndi kutsekula peji pa Facebook sakufunanso kutchedwa telala, akuti ndi designer. Chabwino, dzina silivuta, ena mwa iwo ndi aluso zedi ndipo amaganiza zinthu zimene ine wa zaka 26 pakhonde sindikanaziganiza, ndimawapatsa ulemu. Koma kunabwera wina pano ndi diresi la chitenje loti ndimuthandize, phewa limodzi lalitali lina lalifupi, akuti ndi sitayilo. Ndinalitembenuza kunsi. Mkati ulusi uli lendelende, zipi yokhota, mpendero osaupinda kawiri. Ndinamufunsa kuti phewali mwalifupikitsa dala kapena linakuvutani podula? Anakwiya. Patapita mwezi kunabwera mtsikana wina ndi diresi lopendekeranso chimodzimodzi, nditalitembenuza mkati mwake mwaudongo ngati kunja, ndipo nditafunsa funso lomwe lija anaseka nkutenga choko kundijambulira pathebulo mmene anadulira kuti nsalu igwe choncho munthu akamayenda. Tinacheza mpaka ndinaiwala kasitomala amene amadikira thalauza lake.

Nde a Wa_Penti dzifunseni izi. Mutafuna, mungathe kujambula azimayi amenewo ndi khungu lawo lenileni, maso ndi mphuno zili m'malo mwake? Ngati mitu ya m'malo ometera ija mumaitha ndiye kuti mungathe. Ndiye kuti buluuyo munachita kusankha, simunathawireko. Chachiwiri, mnzanu wa pa bawo uja atakufunsani mofatsa, osati moseka, mungamuuze nkhani ya 4 koloko ija mmene mwatiuzira ife pano, kapena mungamuuze kuti sangamvetse? Ine mawu oti "simungamvetse" ndikangowamva ndimadziwa kuti mkati ulusi uli lendelende.

Koma chenjezo limodzi, poti mwati tisakunyengerereni. Mwalemba kuti zikwangwani ndi "za oda" ndipo izi ndi "zanga zapadera". Samalani pamenepo. Tsiku limene mudzayambe kuchita manyazi ndi mitu ya pa saluni ija, kapena kumuona mdala amene anakuphunzitsani uja ngati wongopaka penti, sikafu yanu idzakhala ili m'njira.


Kabaza_FC:

Atelala mwalasa kkkk. Koma ine funso langa palibe wayankha, nthochi ija ndi luso kapena matama? Chifukwa mwini wake ukamufunsa atha kukufotokozera bwinobwino mosakwiya, tepi anagula pati, anamata bwanji.


Nangozo_ku_Leeds:

A Kabaza, nthochi ija ndi nthabwala yoseka anthu ogula zaluso, ndipo anthu omwe akusekedwawo ndi amene anapikisana kuigula. Mwini wake amadziwika kale ndi zoseleula zotero. Kaya ndi luso kaya ayi, mwaitchula inu wa kabaza muli ku Malawi patapita zaka, nde china chake anachita. Matama ine ndimawaona kwa amene anaima patsogolo pake atagwira chibwano ngati akuona zozama.


Wa_Penti_Mchesi:

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Atelala mawu anu a sikafu ili m'njira andilowa, chifukwa kunena zoona tsiku la chionetsero lija munthu wina atandifunsa ntchito yanga ndinangoti ndimajambula, za zikwangwani sindinatchule. Ndipo popita ndinayesa kuchotsa madontho a penti pansapato ndi parafini, anakana.

Dzulo ndinachita zimene sindinaganizepo, ndinanyamula chithunzi chija pa kabaza kupita nacho kwa mayi ku Kawale. Sindinawauze kalikonse, ndinangochitsamiritsa pakhoma iwo akusankha nyemba. Anachiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako analoza wachitatu pamzere nkuti "awa si anaBanda awa, amene ankakhala kuseri kwa tchalitchi? Ndi iwowa, ankaima chonchi dzanja lili m'chiuno ngati kiyosiki ndi yawo." Ine thupi lonse tsembwe, chifukwa ndi iwodi amene ndinkawaganiza pojambula, ndipo anamwalira kalekale. Za buluu sanafunse nkomwe. Anangoti "iii kunkazizira nthawi imeneyo", kenako nkundifunsa kuti penti yenseyu wawononga ndalama zingati ndipo alipo amene agule. Ndinati palibe. Anapitiriza kusankha nyemba.

Mnzanga wa pa bawo sindinakambe nayebe, ndimuitana abwere kunyumba adzachione chenicheni osati cha pafoni, akaseka aseke.

Tsono vuto lina laukadaulo. Pobwerera pa kabaza paja nsalu inapindika pang'ono ndipo penti wang'aluka pakona, kwina wayamba kusupuka ngati khungu la njoka. Ndinagwiritsa penti wa mafuta yemwe ndimalembera zikwangwani, molunjika pansalu ya kaliko. Achemwali a ku Leeds, pamenepa ndalakwitsa chani?


Nangozo_ku_Leeds:

Achimwene, nsalu simunaikonze kaye, ndipo penti wa zikwangwani akauma amalimba gwa, nde nsalu ikapindika iye amasweka. Mafuta akenso amadya ulusi pakapita nthawi. Ulendo wina mukakoka nsalu pafelemu, sakanizani penti woyera wa madzi uja wa m'nyumba ndi guluu woyera wa akalipentala, thirani timadzi pang'ono, pakani kawiri kapena katatu, kudikira kuti uume kaye musanabwereze, mukatero mupalepo pang'ono ndi sandipepa wosalala. Pamwamba pakepo mukapeza acrylic, penti wa ojambula wosungunula ndi madzi, ndi bwino chifukwa amapindika pamodzi ndi nsalu. Ngati mukufunabe penti wanu wa zikwangwaniyo poti ndi amene dzanja lanu linamuzolowera, jambulani pa hadibodi kapena pulayiwudi, musavutike ndi nsalu.

Cha anaBanda chija musachikulunge kapena kuchikwezanso pa kabaza. Chikhomereni ku thabwa kumbuyo kwake chisamagwedezeke, ndipo mutiikire foto pano tichione, pakona pong'alukapo mujambule pafupi.